Ulendo Wanga wa ku Mvera, Mudzi wa Alendo

M'dziko lathu lino muli malo ena amene munthu akafikako azindikira msanga kuti pano panakhala anthu a kutali, angakhale palibe womuuza. Mitengo iima m'mizere monga asilikari, nyumba zace nza njerwa zoocha, za makhonde akuru ndi zipupa zocindikala, ndipo belu lilira pa nthawi yace. Kuno ku mapiri a Dowa ndi Nchisi malo otere makolo athu anawacha "kwa Adachi." Dzinali likali kumveka pakamwa pa nkhalamba, koma ana a masiku ano ambiri sadziwa kuti Adachiwo anali ayani, anacokera kuti, ndipo anapita kuti. Ndifuna kukusimbirani, abale anga, za ulendo umene ndinayenda kukaona Mvera, ndiye mai wa malo onse otere, ndi za maganizo amene ndinabwera nao, ena okoma, ena olemera.

Cimene cinandiutsa pa mpando ndi kalata ya mwana wa mlongo wanga, amene anapita ku America kukaphunzira za ulimi. Iye akhala m'dera lochedwa Iowa, pakati pa dzikolo, kutali ndi nyanja zamcere zonse ziwiri, kumene cimanga cilimidwa koposa madera ena onse a America. Anati tsiku lina anzace anamtenga kukaona mudzi waung'ono dzina lace Elk Horn, wa anthu ngati 600 okha, ndiwo ocepa koposa amene asonkhana pa Mponela tsiku la msika. Eni mudziwo ndi zidzukulu za anthu a ku Denmark, dziko laling'ono la kumpoto kwa Ulaya, amene anayamba kufika kumeneko m'zaka za m'ma 1860 pofuna minda, pakuti kwao ana a alimi osauka analibe polima. "Atsibweni," anatero m'kalatamo, "mukadaona mukadazizwa, anthu awa akonda kwao kumene ambiri a iwo sanakupondepo."

Pakati pa mudziwo paima cigayo cacikuru coyenda ndi mphepo, ca mapiko anai. Cigayoco cinamangidwa ku Denmark m'caka ca 1848, pa malo ochedwa Nørre Snede. M'caka ca 1975 anthu a ku Elk Horn anasonkha ndalama nacigula, amisiri nacipasula mtengo umodzi umodzi, nalemba nambala pa cidutswa ciri conse. Ndipo citaoloka nyanja m'caka ca 1976, anthu oposa 300 anacimanganso osalandira malipiro. Alinso ndi nyumba yaikuru yosungiramo zinthu za makolo ao, imene inatsegulidwa m'caka ca 1994. Mwezi wa May caka ndi caka acita phwando, nabvala monga anabvalira agogo ao, nakazinga timikate tozungulira tonga mandasi, timene aticha æbleskiver. Koma cinenero ca makolowo cinazirala, ndipo otsala ocilankhula ngowerengeka. Cina cimene cinacifooketsa ndi lamulo la m'caka ca 1918, pa nthawi ya Nkhondo Yaikuru, pamene kazembe wa Iowa, William Harding, analetsa kulankhula cinenero cina ciri conse, koma Cingerezi cokha, m'sukulu, m'sitima, pa lamya, ndi m'misonkhano ya anthu, angakhale ya mapemphero.

Nditawerenga izi ndinati mumtima mwanga, Nanga ife tiribe mudzi wotere pakhomo pathu pomwe? Ine ndinabadwira m'mapiri a Nchisi, kufupi ndi Cinthembwe, ndipo mpingo umene unandibatiza ndi kundiphunzitsa a, e, i, unabadwira pa Mvera. Koma Mverayo ndinali kumuona pa zenera la basi pokha, popita ku Salima. Cotero ndinamanga kathumba kanga.

Ndinanyamuka mwezi wa August, nyengo ya mphepo ndi pfumbi, anthu atatha kukolola, mapiri atayamba kuda ndi lupsa. Za mseu sindicurukitsa mau: kucokera ku Nchisi ndinatsikira ku Mponela, ndi kukhotera ku boma la Dowa, ndi kuturukira pa Cezi, pa mseu wa ku Salima. Koma malo amodzi ndiwachule. Tinapitirira pa Dzaleka, pamene kale panali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo kuyambira caka ca 1994 pakhala anthu othawa nkhondo, ambiri a iwo ocokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Pamenepo m'galimoto mwathu munalowa Ciswahili ndi Cifalansa, ndi mai wina wosenza mtanga wa buledi wa kaphikidwe ka kwao. Ndinaona kuti Dowa sanaleke kulandira alendo kufikira lero lino.

Mvera wa pa mseu wa phula ndi wa masitolo ndi wa asilikari, pakuti pali kampu ya gulu la nkhondo. Mvera amene ndinamfuna ine ali m'kati, ndipo ndinakwera njinga yamoto ya kabaza. Apa mpamene dziko la kumtunda liyamba kugwa kunka kunyanja. Mapiri aima mothithikana, zigwa nzakuya, ndipo mpweya wozizira wa ku Dowa ukomana ndi kutentha kwa ku Salima. Munthu akayang'ana malowo afunsa yekha, Kodi anthu a kutsidya lija anadzafunanji m'makwalala muno?

Mbiri yace nayi mwacidule. M'caka ca 1886 abusa ena a mpingo wa Dutch Reformed ku Cape, m'dziko la South Africa, anapangana kuti azipatula ndalama pa malipiro ao kuti atumize mthenga ku dziko la kutali. Anatuma mnyamata, Mbusa Andrew Charles Murray, amene anafika kunyanja kuno m'caka ca 1888, nalandiridwa ndi Dr. Robert Laws ndi anzace a Livingstonia ku Bandawe. Caka cotsatira anadza mnzace, Mbusa T. C. B. Vlok, ndipo awiriwo anayenda pansi kufunafuna malo, kufikira pa 28 November 1889, pamene anamanga hema wao pa Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere.

Tsono taonani cinthu codabwitsa. Tiwacha Adachi, koma sanacokere ku Holland. Makolo ao ndiwo anacokera kumeneko, nayamba kukhala ku Cape m'caka ca 1652, ndipo zidzukulu zao zinadzicha Maburu, ndiko kunena kuti alimi. Ndiponso dzina la Murray si la Cidachi konse. Agogo ace a mnyamata uja anacokera ku Scotland m'caka ca 1822 kudzakhala mbusa ku Graaff-Reinet. Nayenso Ciwere amene anawalandira sanali mwini nthaka wa makedzana. Angoni anacokera kumwera komweko, naoloka Zambezi m'caka ca 1835 ndi Zwangendaba, ndipo pambuyo pace gulu la Ciwere Ndlovu linapatukana ndi anzao, nilidzakhala m'mapiri ano. Agogo anga akazi anali kutisimbira kuti masiku amenewo Acewa anathawira pamwamba pa mapiri ndi m'nkhalango ya Nchisi, nalima mwakaba, wina ali pa mwala kuyang'ana ngati zikopa zirinkudza. Cotero pa Mvera panakomana mitundu iwiri ya alendo a kumwera, wina ndi nthungo, wina ndi buku, pa nthaka ya mtundu wacitatu. Ine ndiyesa kuti mfumu sinawalandire Azunguwo cifukwa ca njala ya Mau. Mafumu a masiku aja anafuna Mzungu pakhomo monga munthu afuna mfuti ndi nsaru, kuti mnzace wa tsidya la mtsinje asampose. Koma cimene cinaturukamo sanacione ndi mmodzi yense wa iwo: onse awiri anatsiriza ndi kulankhula Cicewa. Lero adzukulu a Ciwere asunga maina ao, nthenga za kumutu ndi ngoma, koma Cingoni cinawacoka pakamwa, monga cinacitira Cidenishi ku Elk Horn. Mburu naye, kuti amveke, anayenera kusiya cinenero cace pa khonde.

Nditafika pa misyoni ndinaodira pa nyumba ina, ndipo anandilozera kwa mkuru wina wa mpingo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo koma ya maso akuthwa. Titalonjerana anandifunsa mfunda wanga, ndipo nditati ndine Mbewe, anaombera m'manja, nati, "Ndiye kuti ndinu asuweni anga, khalani pansi, madzi adze." Sanandilole kuona kanthu ndisanadye mbatata.

Pambuyo pace anayenda nane pakati pa nyumba zakale. Ine ndinali kuyamikira kuongoka kwa zipupa, ndi kunena kuti Adachi anali amisiri ndithu. Mkuruyo anaima, nagwira dzanja langa, naliika pa njerwa. "A Mbewe," anatero, "mwati mwadzaona nyumba za Adachi. Tagwirani apa. Dothi ili linakumbidwa kumunsi uko. Anaponda ndi agogo athu, anaumba ndi agogo athu, nkhuni zoochera anasenza ndi agogo athu akazi. Mzungu anagwira cingwe ndi muyeso, ndipo anagwira bwino, sindikana. Koma mukafunsa dzina la Mzunguyo, ali yense akuuzani. Mukafunsa la woumba, anthu ayang'anana."

Mau amenewa anandikhala m'khutu ulendo wonse. Pakuti kumbukirani kuti masiku aja kunalibe mseu kapena njanji. Katundu yense wa misyoni, mabuku, misomali, mankhwala, mitolo ya nsaru, anakwera ndi Zambezi ndi Shire, nayenda pa sitima ya panyanja kufikira ku Domira Bay, ndipo kucokera kumeneko anakwera mapiri onsewa pa mitu ya amtengatenga. Ndalama kunalibe, malipiro anali nsaru, mcere ndi mikanda. Cifukwa cace a misyoni anadula tizitsulo tozungulira, nasindikizapo malembo awiri, M M, ndiko kuti Mvera Mission, ndipo wanchito akasonkhanitsa tizitsuloto anakasinthanitsa ndi nsaru ku sitolo ya misyoni. Akuru anaticha camkono, potengera mkono umene anayesera nsaru. Mkuru uja anati anakaonapo kamodzi ali mwana, m'cikwama ca agogo ace, ndipo kumene kanapita sadziwa munthu. Anthu a ku Elk Horn akadakhala nako kacitsulo kotere, akadakaika m'bokosi la galasi, ndi kulembapo mbiri yace.

Kucokera pa Mvera moto unayaka msanga. Robert Blake anatsegula Kongwe m'caka ca 1894, kwa Msakambewa. Vlok anatsegula Nkhoma m'caka ca 1896, kwa Mazengera. Alaliki a kuno anafika kwa Mpezeni, kumene Magwero anatsegulidwa m'caka ca 1899. Ndipo m'zaka zoyamba za m'ma 1900 anafikanso kwathu ku Cinthembwe. Nkhondo ya 1914 isanayambe likuru la misyoni linasamukira ku Nkhoma, pamodzi ndi makina osindikizira mabuku, ndipo Mvera anatsala monga mai wokalamba amene ana ace anakamanga kwina.

M'mawa mwace tinakwera phiri la Kaso, ndilo limene ndinalifuna koposa. Mkuruyo anatuma mdzukulu wace kuti andiperekeze, popeza maondo ace anakana. Pamwamba pace mphepo iomba kosalekeza, ndipo palibe phokoso koma la mbalame ndi la mbuzi za kutali. Pamenepa mpamene Mbusa William Hoppe Murray, mbale wace wa A. C. Murray, amene anafika kuno m'caka ca 1894, anali kubindikira ndi nchito yomasulira Buku Lopatulika. Nchitoyi inayamba m'caka ca 1900, pamene a misyoni zingapo anapangana kuti pakhale Buku limodzi lomveka kwa Amang'anja a kumwera ndi Acewa a pakati pomwe, Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anali mmodzi wa akuru ace. Cipangano Catsopano cinaturuka m'caka ca 1907, ndi Buku lonse m'caka ca 1922.

Ndinakhala pa mwala nthawi yaitali, ndiri kulingalira za m'mene nchito yotere icitikira. Mlendo angathe kudziwa Cihebri ndi Cihelene, koma sangathe kudziwa yekha kuti liu liti la Cicewa lilasa mtima, ndi liti liseketsa anthu. Ayenera kufunsa, ndi kufunsanso, ndi kukanidwa. Ndani anamuuza Murray kuti nyumba yopatulika ya ku Yerusalemu ichedwe kacisi, ndilo dzina la kanyumba kaudzu kamene makolo athu anathirirako nsembe popempha mvula? Ndani anabvomereza kuti liu la nsembe lomwelo, ndi la wansembe, ndi la kuombola, alowe m'Bukumo? Maina ena a anthu amene anakhala naye pa nchitoyi anasungika: Jonathan Sande, Wilibesi Cikuse ndi Ismaeli Mwale. Ndifunsa inu owerenga, ndi angati mwa ife anamvapo maina amenewa akuchulidwa pa guwa, kapena kuphunzitsidwa kwa ana a m'kalasi? Koma Sabata iri yonse tiwerenga mau amene iwo anasankha.

Ndipo pali cina cimene ambiri sacidziwa. Pamene Acewa analandira Buku lonse m'cinenero cao m'caka ca 1922, Maburu eni ace anali asanalandire lao. Iwo anali kuwerenga Buku la Cidachi cakale ca ku Holland, cimene sicinali cinenero ca pa moto pao. Buku la m'Afrikaans linaturuka m'caka ca 1933, zitapita zaka 11. Kapena ncifukwa cace anthu awa anaumirira cinenero ca amai koposa a misyoni zina; anadziwa okha kuwawa kwa kupemphera ndi lilime lobwereka, ndiponso anali ataturuka kumene m'nkhondo yao ndi Angerezi ya 1899 kufikira 1902, mitima yao isakonda Cingerezi.

Zipatso zace tiziona. Pa Mvera panayamba kusindikizidwa nyuzi ya Mthenga m'caka ca 1909. M'dera lomweli munabadwa Samuel Josia Ntara m'caka ca 1905, mphunzitsi amene buku lace la Nthondo linapambana mphotho ku London m'caka ca 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi. Yemweyo analemba Mbiri ya Acewa, ndi mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Cibanzi kufupi ndi Kongwe, munthu wocenjera amene anaona ulimi wothirira kwa alendo, nadzabzala tirigu kwao osadikira kuti Mzungu amuuze. Ndipo pamene boma linasankha Cicewa m'caka ca 1968 kuti cikhale cinenero ca dziko, linapeza mabuku, nyimbo ndi owerenga ziri kale m'midzi. Ici ndico cigayo cathu ca mphepo, ngati tifuna kufanizira. Koma cathu sicinagulidwe kutsidya la nyanja, ndipo cikali kupera.

Tsono ndinene zolemera, pakuti mbiri yonena zokoma zokha ndi nthano ya ana. Madzulo a tsikulo tinakhala pa khonde ndi mkuru uja, ndipo anayamba ndi iye. Anati cikondi comweco ca cinenero ca amai cinali ndi mbali yace ina. A misyoni anafuna kuti Mcewa akhale pa mudzi, nawerenge Buku lace, nadziwe khasu, ukalipentala, kuomba nsaru ndi kusoka nsapato. Ndipo alendo a Phelps-Stokes, amene anayendera sukulu za m'dziko muno m'caka ca 1924, anayamika nchito za manja zimenezi. Koma Cingerezi anacipereka ndi dzanja louma. Cifukwa cace anyamata a ku Bandawe, ku Khondowe ndi ku Blantyre anakhala makalaliki ndi omasulira m'maboma, pamene a ku Dowa ambiri anapita ku minda ya fodya ndi ku migodi ndi mphamvu za manja zokha. Sekondale ya ku Kongwe, imene icedwa ndi dzina la Robert Blake, inadza Nkhondo Yaciwiri itatha. Abusa oyamba a mtundu wathu, Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza, anadzozedwa m'caka ca 1925, zitapita zaka 36 cimangire hema uja. Ndipo ngakhale Nkhoma analowa mu C.C.A.P. m'caka ca 1926, ulamuliro wonse wa nchito za misyoni unaperekedwa m'manja mwa Sinodi m'caka ca 1962.

Ndipo coposa izi, mpingo umene unatuma anthu amenewa ndi womwewo umene kwao unaikira kumbuyo lamulo la tsankho, lochedwa apartheid, limene linalamulira South Africa kuyambira caka ca 1948. Mipingo ya Reformed ya pa dziko lonse, itasonkhana ku Ottawa m'caka ca 1982, inauimitsa pa cifukwa cimeneci, ndipo mpingowo unayamba kubvomera kucimwa kwace m'caka ca 1986. Abale athu amene anagwira nchito ku Johannesburg anabwera ndi funso lowawa: Kodi amene anatiphunzitsa kuti tonse ndife ana a Atate mmodzi, bwanji kwao satilola kukhala pa benchi limodzi? Ndinafunsa mkuruyo kuti iye aganiza bwanji. Anakhala cete, nafwenthera fodya wace kumbali, nati, "A Mbewe, ine ndinawaona ena a iwo ndi maso. Analipo amene anagona m'nyumba zathu, nadya nsima ya mgaiwa ndi manja, naika ana ao m'nthaka yino. Analiponso amene munthu wakuda sanapyole pa khonde lao. Onsewo ndi Adachi. Mukalemba, mulembe onse awiri." Ndacita monga anandiuza.

Tiri cikhalire, kutsidya kwa cigwa kunayamba kulira ng'oma, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti nza gule. Apa ndinakumbuka mbali ina ya kalata ija, imene ndinamsimbira. Ku Elk Horn kunatsegulidwa m'caka ca 1878 sukulu ya anthu akuru, yotsata ciphunzitso ca mbusa wa ku Denmark, N. F. S. Grundtvig, amene anati munthu ayambe wadziwa cinenero, nyimbo ndi mbiri ya mtundu wace. Koma ena anati zimenezi nza dziko lapansi, ndipo Mkristu asabvine magule a makolo. Mkangano unakula kufikira mpingo wao unagawanika m'caka ca 1894. A ku Elk Horn anakhala mbali yoletsa, ndipo a ku Kimballton, mudzi wa pa mtunda wa mamailosi atatu okha, anakhala mbali yobvina; anthu nawacha awa "okondwa," ndi awo "oyera." Lero zidzukulu zao zicitira phwando pamodzi.

Mkuruyo anaseka kwambiri, nati, "Kodi nawonso Azungu anali ndi mlandu wa gule?" Koma atatha kuseka anati mlandu wathu ngwakuya koposa, ndipo ndibvomerezana naye. Nyau si kubvina kokha. Ziri ndi dambwe lace, malumbiro ace, ndi ciphunzitso cace ca mizimu, ndipo nkhondo ya pakati pa sukulu ndi dambwe m'midzi ya Dowa ndi Nchisi inagawa mabanja zaka zambiri. Ine ndine wa mpingo, ndipo sindinena kuti tisanganize zimene sizisanganizika. Koma ndiona kuti mbumba imodzi iri ndi ana uku ndi uku, ndipo pa maliro tikhala pansi pa mtengo umodzi, tidya m'mbale imodzi. Ndionanso kuti gule amene a misyoni anayesa kuti adzatha m'mbadwo umodzi, bungwe la UNESCO linamlemba m'caka ca 2005 pakati pa cuma ca anthu a pa dziko lonse. Belu ndi ng'oma zonse ziwiri zikali kumveka m'cigwa cimodzi, ndipo Adachi amene anadzaweruza pakati pa izo anapita kwao.

Tinayamba tsono kuwerenga pa zala zinthu zimene tikadaika m'nyumba yosungiramo zakale, ikadamangidwa pa Mvera. Camkono, ngati kangapezeke. Sileti ndi cikombole ca njerwa. Buku la 1922, ndi masamba a Mthenga. Nkhata ya wamtengatenga. Cikopa ndi nthungo ya Angoni a Ciwere, ndi mphika wa anthu amene anabisala m'nkhalango ya Nchisi pothawa nthungoyo. Ine ndinati, "Nanga ng'oma ija?" Mkuruyo anapukusa mutu, nati pa bwalo la misyoni iai. Ine ndinati mbiri ya malo ano siimveka popanda iyo, pakuti mwana adzafunsa kuti a misyoni analimbana ndi ciani. Iye anati mwanayo apite kutsidya akamve yekha. Sitinagwirizane, ndipo akazi ace atabwera ndi nsima, tinausiya mlanduwo pomwepo.

Posiyana m'mawa anaturutsa kope la ana a sukulu, lokutidwa ndi pepala la simenti. M'menemo anayamba kulemba maina a anthu amene anaumba njerwa, anaceka matabwa, anasenza katundu ndi macila, ndi a aphunzitsi oyamba a m'midzi, monga awakumbukira amai okalamba. Pakuti anati akazi ndiwo asunga maina, amuna asunga milandu. Anali atadzaza masamba atatu okha, ndipo pa maina ena panali mtanda, kusonyeza kuti amene anamuuza anamwalira asanatsirize. Anandipempha kuti ndikafika kwathu ndikacite comweco kwa a ku Cinthembwe, ndi kuti mipingo ya ku Kongwe, ku Mphunzi, ku Malingunde ndi kwina imve pempho lomweli. Ncifukwa cace ndalemba m'tsamba lino.

Ndayamba. Woyamba amene ndinamfunsa ndi gogo wina wa m'mudzi mwathu, wosaona, amene akhala padzuwa kuseri kwa nkhokwe. Ndinati, "Agogo, kodi kwanu analipo amene anagwira nchito kwa Adachi?" Anati analipo agogo ace amuna, amene anasenza mitolo ya nsaru kucokera kunyanja; nandiuza dzina lao ndi mfunda wao, ndi mudzi umene anakwatirako. Anati anali munthu wamfupi, wosalankhula kwambiri, ndipo pakati pa mutu pao panalibe tsitsi, pamene panali kukhala nkhata.